Mtanda wa Valik

Tsiku lomwe woweruza ananena kuti Valik aphedwe, ine ndinaomba m'manja. Sindikubisa. Ndinaimirira m'khoti muja n'kuomba m'manja ngati ndili pa ukwati, mpaka wapolisi anandigwira paphewa kuti ndikhale pansi. Valik anapha mchimwene wanga Arkadi ndi mkazi wake Lida ndi nkhwangwa, atangomwera nawo kachasu patebulo lawo lomwe, kenako anathira petulo n'kuyatsa nyumba. Lida anakamuika kwawo. Arkadi tinamuika m'bokosi lokhomeratu, ndipo amayi anga sanaone nkhope ya mwana wawo, anangopsompsona thabwa. Ndiye pasapezeke munthu wobwera kudzandiphunzitsa za chifundo.

Pobwerera, m'basi, ndinawagwira dzanja amayi. "Basi amayi, zatha. Tsopano muzigona tulo."

Ndinkadziona ngati wanzeru ndithu ponena mawu amenewo.

Kuno akamuwombera munthu sanena tsiku. Sauza mayi ake, sauza ife ofedwa, mtembo sapereka, ndipo komwe amukwirira amadziwa okha. Zimenezi tonse tinkazidziwa, ndipo ine sindinkaonapo vuto. Munthu woti wapha anzake ngati nkhumba, ndifunirenji dzenje lake? Nkhani tinaimva chaka chotsatira, chipale chofewa cha nyengo yozizira chitayamba kusungunuka, kuchokera kwa mayi wonyamula makalata, amene pakamwa pake pamakhala pululu ngati chikwama chake chomwe. Anati kwa azakhali a Stefa, mayi ake a Valik, kwafika phukusi. Munali malaya akundende, nsapato, ndi soseji yomwe iwo eni anatumizira mwana wawo, itabwerera osalawidwa. Kapepala kotsimikiza imfa kanatsatira pambuyo.

A Stefa si abale athu, timangowatchula azakhali monga timachitira ndi amayi onse akuluakulu m'mudzi muno. Nyumba yawo ili moyang'anizana ndi ya amayi, ndipo pakati pake pali msewu ndi kabenchi kodikirira basi. Awiriwa anakama ng'ombe limodzi pafamu ya boma kuyambira ali atsikana mpaka zala zitapindika. Chiphedwere Arkadi sanapatsanenso moni. M'khoti, amayi ndi amene anaima n'kunena kuti anaona Valik akudutsa ndi chigubu cha petulo, ndipo Valik anawayang'ana ali kuseri kwa zitsulo zake zija, osaphethira.

Zonse zinasokonekera m'tchalitchi. Kandulo za amoyo timayatsa kutsogolo, pamaso pa zithunzi za oyera mtima. Za akufa timayatsa pa katebulo ka kumanzere, kokhala ndi mtanda. Ngakhale mwana wosadziwa kumina amadziwa zimenezi. Lamulungu lotsatira phukusi lija mpingo wonse unkapemphera ndi diso limodzi, linalo lili pa a Stefa. Anagula kandulo yawo, yowonda kwambiri ija. Anayenda pang'onopang'ono, nafika pa katebulo ka akufa pomwe ine ndi amayi tinaima ndi kandulo ya Arkadi. Ndinasendera kuti ndiwapatse malo, ndikukukuta mano. Iwo anangodutsa. Anakayatsa kutsogolo, kwa amoyo.

Amayi anandikoka mkono. "Waona, Taisa?"

"Ndaona nkhalamba yomwe mutu wabalalika."

"Stefa mutu wake subalalika. Akudziwa kanthu ameneyu."

Ndipo m'mudzi simusowa anthu othira mafuta pamoto. Azibambo okhala pakhomo pa golosale, omwe sanafikepo ndi kulikulu ku Minsk komwe, anayamba kufotokoza ngati anali pomwepo. Ati masiku ano sawombera, zipolopolo n'zodula, amawatumiza kumigodi ya poizoni komwe munthu wabwinobwino sangalowe. Wina ati msuweni wa mlamu wake anakumana ndi munthu woweruzidwa kuphedwa akugulitsa matayala ku Smolensk, kutsidya kwa malire a dziko lino. Mabodza a anthu oledzera, koma ndani akanawatsutsa? Wowatsutsa anayenera kuloza manda, ndipo manda panalibe.

Amayi anayamba ndi loko wachiwiri pachitseko. Kenako mpiringidzo. Kenako anandipatsa nkhuku zawo zonse, ati sangamatuluke m'mawa uliwonse kukazitsegulira. Nkhwangwa yawo anaikulunga m'thumba n'kundiuza kuti ndikaitaye kudziwe. Mbewu ya mbatatesi inamera mizu m'chipinda chapansi, anzawo akubzala. Mayi woti ankanyamula zidebe ziwiri za mkaka akuimba, tsopano siketi ankaimanga ndi chingwe kuti isagwe. Ndikabweretsa msuzi ndinkaupeza mawa lake uli chomwecho, mafuta atagwirana pamwamba. Tsiku lonse ankakhala kuseri kwa katani. Basi ya masana ikamayandikira, a Stefa ankatuluka ndi mpango wawo wabwino n'kukakhala pa kabenchi kaja, ndipo amayi ankasuzumira pa kampata ka katani, mpweya ataugwira. Azimayi awiri kudikira munthu mmodzi. Ine ndinkaima kukhitchini ndi mbale m'manja, mtima ukuwira.

"Amayi, munthu uja anafa. Boma linamupha. Ndinaombera m'manja inu mukuona."

"Unamuona atafa?"

"Pepala linabwera."

"Nanga n'chifukwa chiyani mayi ake akumuyatsira kandulo kwa amoyo? Mayi amadziwa, Taisa. Ine tsiku lija ndinadziwa utsi ndisanauone."

Pasaka itadutsa, anandiuza kuti chaka chino ku Radunitsa sapita. Apa ndiye ndinachita mantha enieni. Radunitsa ndi tsiku lomwe mudzi wonse umakadya ndi akufa ake kumanda, ndipo amayi sanaphonyepo, ngakhale chaka chomwe mwendo wawo unali m'chikhakha tinachita kuwakankha pa wilibala. Ndiwo ankakonza mchenga pamanda a Arkadi ndi manja, ngati akuyala bedi. Ndinadziwa kuti akapanda kutuluka tsiku limenelo, m'nyumbamo adzatuluka atanyamulidwa.

Ndinayamba ndi wansembe. Anandimvetsera akusisita ndevu, n'kunena kuti a Stefa anawapempha kale kuti achite mwambo wa maliro ngakhale mtembo palibe, koma anakana. "Sindingachotse kandulo ya munthu pomwe waiika, mwana wanga. Tipirire, tipemphere." Kupirira n'kosavuta ukakhala kuti mayi ako akudya.

Choncho ndinawoloka msewu. Pakhomo pomwe ndinalumbira kuti sindidzapondapo, ndinagogoda ndi dzanja langa lomwe.

A Stefa anatsegula, nandiyang'ana nthawi yaitali. "Lowa, Taisa. Usavule nsapato, sindinakolope."

M'nyumba munali fungo la sopo. Malaya akundende aja anali pa mpando pafupi ndi ng'anjo, ochapidwa, ositidwa, ndipo pachigongono anali atasokapo chigamba. Ndinayang'ana kumbali. Tiyi ndinakana, kukhala pansi ndinakananso.

"Azakhali, sindinabwere kudzacheza. Kwirirani malaya awa. Malo alipo pafupi ndi amuna anu. Mwamuna wanga Tolik akumba dzenje, apanganso mtanda. Chakudya cha pamaliro ndiphika ndine."

Tamvani zimenezo. Ine, mlongo wake wa Arkadi, kudzipereka kuphika pamaliro a Valik. 

"Wafa ndani?" anafunsa a Stefa.

"Musandiyese mwana, azakhali. Pepala munalandira."

"Amayi anga analandiranso pepala nthawi ya nkhondo. Analira, anavala zakuda, anagawa malaya a bambo. Nkhondo itatha bambo anatulukira pachipata ndi mwendo umodzi, n'kupeza jekete yawo yavalidwa ndi mnansi." Anakonza kolala ya malaya aja. "Iweyo unamuona?"

Funso lomwelija, mawu omwewo. Azimayi awiriwa osalankhulana, koma ngati amagonera pilo imodzi.

"Amayi anga akufa ndi mantha chifukwa cha kandulo yanu," ndinatero. "Sakudya. Sakutuluka. Mwana wanu anatitengera Arkadi, inu mukufuna mutitengerenso amayi?"

"Sindikunena kuti ndi wosalakwa. Zomwe anachita ndimadzuka nazo, ndimagona nazo. Apolisi atabwera m'mawa uja, anali atabisala m'kanyumba kosambiramo ndi nthunzi kuseri uku. Ukudziwa amene anawalozera? Ndine. Ndinati ali umo, mutengeni, akayankhe. Ndinawapatsa mwana wamoyo, Taisa. Andibwezera malaya."

"Ife anatipatsa makala."

"Ndikudziwa. Koma munawaika m'manda. Muli ndi poti mukagwade." Mawu awo sanakwere, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa. "Ndinamusambitsa tsiku lomwe anabadwa. Andipatse ndimusambitse komaliza, ndimutseke maso, ndipo kandulo ndisamutsa ndekha. Koma kukwirira malaya a munthu yemwe mwina akupuma kwinakwake? Kumeneko n'kumupha ndi manja anga. Kawiri sindingathe."

Ndinatuluka osatsazika. Chitseko ndinachimenyetsa mpaka galu wawo anauwa.

Kunyumba ndinapeza mwamuna wanga Tolik akudya zitumbuwa za mbatatesi, manja akuda ndi mafuta a kugalaja ya pafamu komwe amawotcherera zitsulo. Tolik ndi munthu wabwino, koma ali ndi matenda amodzi: amanena zoona pa nthawi yolakwika.

"Akanangomutsekera moyo wake wonse," anatero ndisanamalize n'kufotokoza komwe, "bwenzi amayi akudziwa chitseko chomwe ali kuseri kwake. Bwenzi akubzala mbatatesi pano."

"Azidya buledi, aziwotha dzuwa, Arkadi ali m'dothi? Uzinena zimenezo ali mchimwene wako."

"Sindikuti n'zabwino. Ndikuti bwenzi tikudziwa komwe ali."

"Ali kumoto."

"Chabwino. Kawaonetse amayi."

Ndinamulanda mbale. Anandiyang'ana, foloko ili m'mwamba.

"Undipangire mtanda," ndinatero. "Wachitsulo, ngati uja unapangira amalume ako. Ulembepo dzina la Valik."

"Wapenga iwe?"

"Boma lakana kutipatsa manda, mayi ake akana, wansembe akusisita ndevu. Ndiye ndipanga ndekha. Amayi akaona mtanda ndi mulu wa dothi m'mpanda wa a Stefa, aziti Stefa wavomera. Akangokhulupirira kamodzi, basi."

"Nanga a Stefa akaona?"

"Chichitikire zija, pa Radunitsa amabwera madzulo anthu atabalalika. Adzapeza amayi atapita kale. Akadzazula, adzazule. Amayi sadzabwereranso kumanda mpaka chilimwe, ndipo pofika nthawi imeneyo adzakhala atanenepa."

"Taisa, mtanda si chikwangwani cha pamsewu. Ukuika m'malo a eni, pafupi ndi mwamuna wa eni."

"Valik analowa m'nyumba ya eni ndi nkhwangwa. Anapempha?"

Tolik anapukusa mutu, koma anapanga. Takhala m'banja zaka zambiri, amadziwa kuti ndikafika pamenepo ndi bwino kuwotcherera kusiyana ndi kutsutsa. Anangonena kuti kukazika ndikazike ndekha, iye manja ake athera pa chitsulo.

Tsiku loti mawa ndi Radunitsa aliyense amakhala ali kumanda ndi fosholo, kuzula udzu ndi kupenta mipanda, ndiye mayi wokankha wilibala palibe amamudabwa. Manda athu ali pa kachitunda pamwamba pa msewu. Malo a banja la a Stefa ali kumapeto, kuseri kwa mitengo ya paini, mipanda itatu kuchokera pa Arkadi. Ndinadikira kuti anthu apite kukadya. Ndinaunjika dothi pafupi ndi manda a amuna awo, ndinaliumba bwinobwino, ndinawaza mchenga wachikasu pamwamba, n'kuzika mtanda. Thukuta linali kamukamu, ndipo nthawi yonseyi ndinkamutukwana mwini dzinalo. Ngakhale atafa ankandigwiritsabe ntchito.

Panatsala chinthu chimodzi. Mtanda wa mwamuna sukhala wamaliseche, timaumangirira thaulo lopeta, ndipo amayi akanaona thaulo la m'sitolo akanadziwa kuti si Stefa. Apa ndiye ndinadziona kuchenjera. Pansi pa bokosi langa panali thaulo lomwe a Stefa anandipetera pa ukwati wanga, la atambala ofiira a michira yopindikira m'kati. M'mudzi monse ndi iwo okha amapeta michira motero. Ndinalimanga pamtanda paja, ndinabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana. Ndikanakhala mlendo ndikanalira.

M'mawa wa Radunitsa ndinafika kwa amayi ndi dengu: mazira ofiira ophikidwa m'makoko a anyezi, mafuta a nkhumba, buledi wakuda, ndi kabotolo ka kachasu. Anachotsa mpiringidzo, loko woyamba, loko wachiwiri.

"Ndinakuuza kuti sindipita."

"A Stefa amuika Valik," ndinatero ndikuyang'ana m'dengu. "Dzulo ndaona mtanda. Kaya anawapatsa mtembo mwakachetechete, kaya bwanji, koma manda alipo."

Amayi anagwira mphuthu ya chitseko. "Ukunama."

"Tiyeni mukaone nokha. Tolik ali panja ndi galimoto."

Anavala mpango wakuda. M'galimoto anakhala chowerama, ngati pali wina woti angawaone pawindo. Njira yonse Tolik ankangoyang'ana msewu ngati n'koyamba kuuona.

Kumanda kunali kutadzaza kale. Mabanja atayala nsalu pa matebulo a m'mipanda mwawo, ana akugubuduza mazira pa mitumbira, ena akulira, ena atayamba kale kuseka. Amayi sanapite kwa Arkadi. Analunjika kumapaini kuja, ine ndili pambuyo. Anaima pa mpanda wa a Stefa. Anawerenga dzina, milomo ikuyenda. Kenako anatambasula dzanja n'kugwira thaulo lija, chala chikutsata mchira wa tambala.

"Ndi dzanja la Stefa ili," anatero motsitsa.

Ndinaona mapewa awo akutsika. Sindikudziwa kuti ndinene bwanji, koma anatsika ngati munthu watula mtolo wa nkhuni. Anadzilemba chizindikiro cha mtanda, napuma mpweya wautali.

"Ndiye wapitadi," anatero. "Mulungu amuweruze yekha. Tiye kwa mwana wanga."

Pamanda a Arkadi anagwada, nasalaza mchenga womwe ine ndinali nditasalaza kale, n'kundidzudzula kuti m'makona ndasiya udzu. Sindinasangalalepo ndi kudzudzulidwa ngati tsiku limenelo. Anagubuduza dzira pamtumbira. "Khristu wauka, Arkadi. Ndachedwa, mwana wanga, usandikwiyire." Kenako anakhala pa benchi, nasenda dzira lina n'kudya lonse, ndi buledi, ndi kachidutswa ka mafuta a nkhumba. Anapempha mchere. Ndinamuyang'ana Tolik kuti aone yemwe anali wopenga. Iye ankayang'ana kuchipata.

A Stefa ankabwera. Osati madzulo, koma dzuwa lili pamutu, pakati pa anthu onse, opanda dengu, mpango uli pambali. Pambuyo pawo, chapatali pang'ono, panali mayi wa makalata uja, nkhope ili ngati ya munthu wosalakwa. Ndinaiwala kuti m'mudzi muno ngakhale mitengo ya paini ili ndi maso.

Anthu anasiya kutafuna. A Stefa anadutsa pa mpanda wathu osatiyang'ana, koma amayi anaimirira. Kwa nthawi yoyamba chiphedwere Arkadi, anamulankhula mnzawo.

"Stefa. Ndaona. Pepa."

A Stefa anaima. "Wapepesa chiyani, Ulyana?"

"Mwana ndi mwana. Wachita bwino kumuika."

"Sindinaike munthu ine."

Anapitirira, ndipo amayi anawatsatira. Nanenso ndinapita. A Stefa anaima kutsogolo kwa mulu wanga wa dothi. Sanalire. Anayang'ana dzina, anayang'ana mchenga, kenako anamasula thaulo lija n'kulitambasula.

"Ili ndinapetera Taisa," anatero. "Pa ukwati wake. Ulusi wofiira unandithera, uyu tambala wa kumapeto ndinamalizira ndi ulusi wako, Ulyana. Taona, ndi wofiirira mosiyana."

Amayi anaweramira pa thaulo. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana. Ndikanakonda akanandimenya mbama.

"Amayi, ndimafuna mudye," ndinatero. "Ndimafuna mutuluke m'nyumba muja. Munthuyu anafa, ndikulumbira, anafa. Kungoti sanatipatse poti tiloze."

"Unamuona?" anafunsa onse awiri, wina ndi mawu ake, wina ndi ake.

Ndinalibe yankho. Ndilibe mpaka lero, ndipo chimene chimandipsetsa mtima n'chimenecho. Ndinapempha imfa, anandipatsa imfa, koma anaipereka ngati katundu wakuba, mobisa, moti ngakhale ine woombera m'manja sindingathe kuitsimikiza pamaso pa mayi anga.

A Stefa anagwira mtanda ndi manja awiri n'kuyamba kuugwedeza. Ndinali nditauzika mozama, ndi miyala m'munsi, chifukwa ine ndikagwira ntchito ndimagwira. Nkhalamba ija inakoka, inapuma, inakokanso. Anthu anangoima m'mipanda mwawo, matambula m'manja. Kenako amayi anatsegula kachitseko ka mpanda, nalowa, n'kugwira mbali inayo.

"Amayi, mukutani?"

"Munthu wamoyo samuzikira mtanda, ndi tchimo," anatero osandiyang'ana. "Ndipo ukufuna adzapeze tamukwirira? Adzayambira kwa ndani? Kokera kwako, Stefa. Ayi, kwako. Unali wamphamvu pa zidebe iwe."

"Zidebe zinali ndi zogwirira," anayankha a Stefa akupuma movutika.

Anagwedeza uku ndi uku, azimayi awiri a tsitsi loyera, mpaka chitsulo chinazuka ndi dothi lake. Tolik anafika n'kuwalandira mtandawo, naunyamula paphewa kupita nawo kugalimoto, osandiyang'ana. A Stefa anagwada n'kuyamba kusalaza mulu uja ndi manja. Thaulo analipinda bwinobwino n'kundipatsa.

"Ndi lako," anatero. "Ndinakupatsa ndi mtima wabwino."

Tinabwerera pa Arkadi. Ndinkayembekeza kuti amayi anena kuti tizipita, koma anakhala pa benchi. Benchilo tinaliika moyang'ana mtanda wa Arkadi, kuti munthu azicheza naye. Amayi anakhala chotembenuka, miyendo kunja, nkhope kumsewu. Ndinawapatsa dzira lina, anangolifumbata.

"Amayi, simunamuthirire Arkadi kachasu wake."

"Nthawi ili bwanji?"

Ndinayang'ana kumsewu. Ndinali nditaimva kale, ikubangula pokwera kuchokera kumlatho. Basi ya masana inatulukira pa kona, yachikasu, matope mpaka m'mawindo. Amayi anaimirira. Kumapaini kuja a Stefa anaimiriranso, dothi lili m'manja, akukonza mpango wawo. Basi inaima pansi pa chitunda. Munatsika mtsikana wina wa m'tauni ndi maluwa apulasitiki, ndi bambo wachikulire wonyamula dengu. Chitseko chinakhalabe chotsegula kanthawi, monga amachitira dalaivala uja akamayatsa fodya, ndipo azimayi awiri aja anayang'anabe.

Ndinatsegula kabotolo ndekha. Ndinathira pamchenga, kumutu kwa mchimwene wanga, pang'onopang'ono, mpaka dontho lomaliza.

"Khristu wauka, Arkadi," ndinatero. "Ndi ine, Taisa. Amayi ali pompano."

Amayi sanacheuke.